A Lameki Tsokalida ndi Munda wa Kutsidya kwa Khwawa

Mafumu, abusa, anamfedwa anzanga, ndi nonse amene mwasiya makasu anu kudzatikhuza, zikomo. Ine ndine Wyson, mng'ono wa malemu, uja ana anu amafunsa kuti ndi mlendo wa kwa yani. Mundikhululukire, mbiriyi ndiyambira pakati.

Pa 14 Febuluwale 1972, nkhungu isanachoke m'mapirimu, a Lameki Tsokalida anandiperekeza mpaka pakhwawa lolekanitsa munda wawo ndi wanga. Ndinali mphunzitsi, ndipo ena anali atakandinenera kuchipani chifukwa cha mabuku amene ndinkawerenga. Ndinkathawa. Pamenepo anagwira tsinde la nachesi, nalonjeza kuti munda wangawo adzandisungira, ndidzaupeza uli wanga, kaya zidutse zaka zingati.

Malemu anabadwa pa 3 Meyi 1935 konkuno ku Ligowe, oyamba m'banja la ana asanu. Sukulu anayamba mu 1944 ndipo anailekezera sitandade 3 chifukwa cha njala ya mu 1949. Chaka chimenecho amayi athu anatitenga wapansi kupita kutsidya kwa malire, kwa Apwitikizi, ine ndili kumsana. A Lameki ankaukumbukira ulendowo ngati maloto: mapazi otupa, phiri likatha lina n'kuyamba, kenaka mayi wina wachilendo akuwatsegulira nkhokwe asanawafunse ngakhale dzina. Nkhope ya mayiyo anaiiwala. Kafungo ka chimanga chokazinga chimene anawaikira m'manja sanakaiwale mpaka ukalamba.

Kumayiko a eni ndawerenga mabuku ambiri onena za mmene munthu ayenera kukhalira. Achimwene anga sanawerengepo n'limodzi lomwe kupatula Baibulo, koma anakhala pansi ali mnyamata n'kusankha zinthu zochepa zoti asadzazitaye, ndipo ankayenda nazo tsiku lililonse ngati chipewa chawo chija. Ankati wobwera wapansi apatsidwe madzi kaye, mafunso pambuyo. Mtengo wa m'mbali mwa njira sankauthyola, ankati ndi wa odutsa. Za lonjezo ankati lili ngati kanthambi komezanitsa: kulimanga kokha sikukwanira, umafunika kuliyendera.

Mu Ogasiti 1958 anakwatira a Stelia a ku Magaleta, n'kuwatenga chitengwa. Mu 1961 alangizi anawaphunzitsa kumezanitsa manachesi pa tsinde la mandimu, ndipo imeneyo inakhala ntchito yawo moyo wonse. Kampeni kawo sankasendera mbatata kapena kudulira fodya. Ankayenda nako mudzi ndi mudzi, ndipo mtengo ukakanika ankabwerera kukayambiranso osadikira kuitanidwa. Minda yambiri imene imanunkhira maluwa kuno mvula ikayandikira, ndi dzanja lawo. Kuti zipatsozo zimaolera m'madengu podikira galimoto yoopa msewu wathuwu, si mlandu wawo. Msewuwo ndinausiya chonchi, ndaupeza chonchi.

Mu 1973 anyamata a chipani anabwera kudzafuna munda wanga, amati ndi wa chigawenga. Anawauza a Lameki kuti angonena pamaso pa anthu kuti alibenso mng'ono, nkhani ithe. A Lameki anawapatsa madzi, anawathyolera manachesi, kenaka anawauza kuti mng'ono ali naye, dzina lake Wyson, ndipo adzabwera. Anakawatsekera masiku asanu ndi anayi. Atatuluka anafikira kumunda wanga ndi khasu, asanalowe m'nyumba mwawo. Ena mwa anyamata aja ndikuwaona pano, imvi zili mbuu, avala nsalu za mtundu wina tsopano. Takulandirani. Madzi alipo.

Kwa zaka khumi ndi zisanu analima minda iwiri, poti munda wogona umakopa maso. Wanga ankayamba kuupalira wawo usanakhudzidwe, mpaka alamu anga a Stelia ankawaseka kuti anakwatiwa ndi munthu wamitala, mkazi wamkulu ndi munda wa Wyson.

Mu Marichi 1987 nkhondo ya ku Mozambique inatitumizira alendo. Mayi Edina, amene mwawaona akutunga madzi pamaliro pano, anafika wapansi ndi ana atatu, amuna awo ataphedwa. Ankapita kumsasa wa othawa nkhondo ku Chifunga, koma mwana wamng'ono anadwalira panjira, pansi pa mtengo wa odutsa uja. A Lameki anawalowetsa m'chisakasa cha m'munda mwanga. Mwanayo anamwalira, ndipo anamuika m'manda a kwathu omwe tikupitawa. Chitatha chaka, malemu anawauza mayiwo kuti azilima pomwepo, abwereka chabe, mwiniwake adzabwera. Anaphunzitsa ana a mayiwo kumezanitsa. Mu 1994 malole obwezera anthu kwawo atafika, mayi Edina sanakwere. Mudzi wawo unali utasanduka tchire, ndipo mwana wawo anali kuno.

Chaka chomwecho, mu Sepitembala, ndinabwera ine. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinkaulota mundawo m'zipinda zozizira za kunja. M'malotomo mitengo inali yofika m'chiuno monga ndinaisiyira, amayi athu ali moyo, nkhungu ikukwera kuchokera kukhwawa. Ndinapeza mitengo italiitali, nyumba ziwiri, mbuzi, ndi ana olankhula Chichewa cha kuno kuposa ine. Ndinapempha munda wanga. Ndinalibe china m'dziko muno, ngakhale penshoni.

Malemu sanakane. Anati tidikire akolole kaye. Atakolola anati tidikire mvula ithe. Munthu amene sanazengerezepo kuyankha ngakhale pamaso pa zibonga anayamba kuzengereza. Ambiri munkawaona masana ataima pakhwawa paja, chipewa chili m'manja, akuyang'ana kutsidya osaoloka. Anandipatsa theka la munda wawo, ine ndinakana, poti si umene ndinkalota. Pamaliro sitinama: miyezi yambiri tinkapatsana moni ngati anthu okumana pachigayo.

Anayamba kudwala chifuwa mu Epulo chaka chino cha 1996. Mu Juni anagonekedwa kuchipatala ku Mwanza milungu itatu, kenaka anapempha okha kuti abwerere kumudzi, amati manachesi apsa ndipo akufuna kumva fungo lake. Masiku otsiriza ankagona pakhonde, akuitana amayi athu, nthawi zina akuthokoza munthu amene ife sitinkamuona. Anatisiya Lachisanu pa 19 Julaye, dzuwa likupendeka, ali ndi zaka 61.

Asiya mayi a kunyumba a Stelia, ana anayi, Herbert, Ruth, Bernard ndi Wisdom, zidzukulu khumi ndi chimodzi, mlongo wawo mmodzi, ndi ine.

M'malo mwa banja ndithokoze anamwino amene anawasamalira, amayi a mvano, adzukulu amene akumba manda m'nthaka yamiyala ija, ndi amfumu potipatsa malo. Ndithokoze a Swaleh a kugolosale, amene anawanyamula pagalimoto yawo kupita ndi kubwera osalola kumva za mafuta, ndi mayi Halima amene atumiza nsalu. Mulungu akubwezereni pomwe mwachotsa. Achimwene, muuse mumtendere, nkhungu ya kwathu ikufunditseni.

Chotsala ndi chidziwitso chimodzi chimene malemu anati chinenedwe pano, onse akumva. Lachiwiri pa 16 Julaye anaitanitsa amfumu, mlongo wathu ndi akulu a mpingo awiri, ine ndili pomwepo. Munda wa kutsidya kwa khwawa anaupereka kwa mayi Edina ndi ana awo, mpaka kalekale.