Aliyense Anathiramo Chake

Pa siteji ya minibasi pa Ntchisi Boma, Eveline anaima atabereka mwana wake wa zaka ziwiri, diso lamanzere lili psuu, chikope chitatupa. Mayi wina wogulitsa nthochi anasuzumira kumsanako.

"Mwanayu watani diso, mayi?"

"Tikuchokera kuchipatala. Linayamba kufiira Lolemba, ine ndili kuchigafa kusoka fodya. Pobwerako ndinapeza apongozi atafinyiramo kale madzi a masamba a matimati."

"Iii, masamba amenewo amaluma."

"Lachiwiri alamu anga anafika ndi madzi a shuga. Lachitatu bambo ake anadonthezeramo mankhwala a m'maso amene agogo ake anasiya chaka chatha. Mwana analira mpaka mawu kusasa."

"Ndiye adokotala ati chiyani?"

"Andikalipira ine, anthu ali pamzere akumva. Ati, 'Mayi, mukufuna mwanayu achite khungu?' Chonsecho ine sindinathiremo kanthu, ndipo ofinyawo ali phee kumudzi. Andiuza kuti ndizisamba m'manja, ndizimupukuta manthongo ndi kansalu koyera ndi madzi owiritsa atazizira, kenaka ndizipaka mankhwala andipatsawa basi. Likapanda kusintha pa masiku awiri, ndibwererenso."

"Anthu ena ndi osamvadi, amaseweretsa maso a ana. Koma inu, mkaka wa m'mawere munayesako? Madontho awiri okha, mawa lidzuka litayera."

Eveline anakokera chitenje kumutu kwa mwanayo.

"Mayi, gulitsani nthochi zanu. Diso la mwana wanga si mphika wa pamaliro, woti aliyense wodutsa athiremo mchere wake."