Ukwati wa mwana wa a Dwight

Pamzere wogula buledi m'katauni kena ka alimi ku Nebraska, m'dziko la America, a Dwight ankadandaulira mayi wina yemwe sankamudziwa n'komwe.

"Mukomiti yoyendetsa sukulu tilimo asanu, mayi. Akuti lamulo la boma likunena kuti atatu tikapezeka pamodzi, umenewo ndi msonkhano, aliyense akhoza kulowa."

"Ndiye muzipewana, bambo."

"Tipewana bwanji? Loweruka mwana wanga akukwatiwa. Bambo a mkwati ali mukomitimo, abusa odzadalitsa ukwatiwo alinso momwemo."

"Wina atule pansi udindo."

"Aliyense akuloza mnzake. Ine ndangolengeza munyuzipepala kuti ukwatiwo ndi msonkhano."

"Mwachita bwino, ndibwera. Ndili ndi dandaulo la basi ya ana, koma ndidzalinena tikatha kudya."