Mkuyu wa nang'omba

Loweruka masana pasiteji ya minibasi pa Rumphi Boma, mayi wina anayamba kucheza ndi bambo amene anakolekera kamera m'khosi.

"Mukuchokera kuukwati, adada?"

"Ayi, amama. Ine ndimajambula mbalame. Ndinapita kuseri kwa phiri uko, kumene kuli mkuyu waukulu wa mphako. Zaka zisanu ndi chimodzi nang'omba zakhala zikuswera mmenemo. Lero ndapeza chitsa chokha."

"Mkuyu wa kumtsinje uja? Tinaotchera njerwa za tchalitchi chathu mwezi watha. Unayaka bwino chomene."

"Nanga mbalamezo?"

"Zinabwera masiku atatu, zikungozungulira chitsacho. Kenako sitinazionenso."

"Koma kutali konse kuja, munaudziwa bwanji mtengowo?"

"Chaka chatha kunabwera mlendo. Anaonetsa madoda, akuluakulu a mpingo, zithunzi zake, akuti tizinyadira mbalame zathu. Madodawo anangoona kukula kwa mtengo."

Bamboyo anavula kamera n'kuiika m'chikwama.

"Bwanji, adada? Mukumudziwa mlendoyo?"

"Ndine, amama. Njira ya kumtengoko ndinachita kuwajambulira papepala."