Bambo Wosadya Mkute

Basi inachedwa, ndipo bambo wa tayi yofiira, amene ukwati wake unali usanathe mwezi, anatsegula kabokosi ka chakudya kuti fungo limufike mayi wina amene anakhala naye pabenchi.

"Mayi, ine mkute sindidya. Mkazi woyamba ndinamusiya chifukwa chonditenthetsera mphodza zogona. Uyu ndi mngelo, tsiku lililonse amaphika chatsopano."

"Mwayi wanu, bambo. Lolemba anaphika chiyani mngeloyo?"

"Mphodza, zongophula kumene."

"Nanga dzana?"

"Supu wokoma, wa anyezi ndi tomato."

"Dzulo sanakupakireni zinazake zofiirira pabuledi?"

"Mwadziwa bwanji? Akuti zimenezo ndi zakunja."

"Ndiye lero ndi timipira tokazingati."

"Anatilawirira m'mamawa. Chikondi chimenecho, mayi."

Mayiyo anatola kamodzi, n'kukanyema pakati, n'kukayang'anitsitsa.

"Dzira limodzi, ufa pang'ono, mafuta otentha. Bambo, mphika wa Lolemba uja ndi womwewu, wangosintha zovala. Mkazi woyamba uja kulakwa kwake kunali kukuuzani zoona."

Bamboyo anasiya kutafuna.

"Ndiye uyunso ndimusiye?"

"Yambani mwasiya kunyambita zalazo."