Ndinakapepesa Maliro Patatha Miyezi Itatu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu kulikonse kumene muli. Ndine Mayi Chikaonda wa mu Leicester muno ku Ulaya, ndimasamalira okalamba ku Oadby. Umboni wanga si wa matenda kapena wa kuchotsedwa ntchito. Ndi wa mlandu umene ndinapalamula ndekha.

Ndili ndi mng'ono wanga wa mumpingo, dzina lake Esinati. Ntchito yake itatha ku Normanton, ndine ndinamupezera ina ku Thurso, kumpoto kwenikweni kwa Scotland. Iye ankaopa chifukwa sankadziwako Mmalawi aliyense. Ndinamulimbitsa mtima, n'kumulonjeza kuti ndidzakamuona.

Mu February mayi ake anamwalira ku Ntcheu. Mapepala ake okhalira m'dziko lino anali asanatuluke, choncho sakanatha kupita kumudzi. Mwambo wonse anauonera pafoni, ali yekha m'chipinda. Mukudziwa mmene timachitira kuno wina akaferedwa: timadzaza nyumba yake, mipando timaikankhira kukhoma, amayi timakhala pansi ndi zitenje zathu mpaka tsiku loika. Ine ndinangolemba pagulupu yathu ya pafoni kuti Ambuye amutonthoze, n'kupita kushifiti. Ndinadziuza kuti ndi kutali, kukuzizira, ndipo rota, ndandanda wa masiku a ntchito, yatuluka kale. Esinati anandiimbira kawiri. Ndinaiyang'ana foniyo mpaka inasiya kulira.

Kuyambira pamenepo pemphero linandiuma. Pamsonkhano wa amayi ndinkatsogolerabe nyimbo, koma ndikagwada ndekha ndinkangoona dzina lake likuwala pafoni. Tsiku lililonse manyazi ankakula, ndipo manyazi omwewo ndi amene ankandiletsa kumuimbira.

Mulungu anatuma Ba Tembo, nesi wa ku Zambia amene ndimakangana nawo kawirikawiri pantchito. Anandipeza ndikulira m'chipinda chochapira. Nditawafotokozera, sanandinyengerere.

"Mwalakwa, amai. Manje muyembekeza cani? Mashifiti yanu ya wikendi nizagwira ine. Yendani."

Ndinanyamuka kumapeto kwa May, ulendo wa tsiku lonse pasitima ya pamtunda. Kuno mitengo inali itabiriwira kale, koma chakumpoto mapiri ena anali adakali ndi chipale chofewa pamwamba. Titadutsa Inverness mitengo inayamba kuchepa mpaka inatheratu. Kunatsala dambo lofiirira, minga ya maluwa achikasu, ndi nkhosa ndi tiana take. Tinkayenda mtunda wautali osaona nyumba. Mtima unandibaya: ndi kuno kumene ndinatumiza mwana wa eni ake, n'kumuiwala.

Ndinali nditakonza mawu ambiri odzikhululukira. Koma m'sitimamo ndinakumbukira amuna a m'Malemba aja, amene anapeza mnzawo ali pa phulusa, nakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osanena kanthu. Iwo analakwa atayamba kulankhula.

Esinati anatsegula chitseko atavala yunifolomu, ataonda kwambiri. "Lowani, achemwali, ndiike ketulo," anatero, akundilozera sofa. Ndinadziwa kuti ndikakhala pamenepo ndikhala mlendo wamba, timwa tiyi, ticheza za nyengo, ndipo ndibwerera mmene ndinabwerera. Ndinavula nsapato. Ndinatulutsa chitenje m'chikwama, n'kuchimanga pamwamba pa jinzi. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo nditatambasula, n'kuyamba kulira maliro monga timalirira kwathu, ndikuitana mayi ake.

Anaima kaye ndi ketulo m'manja. Kenako anaiika pansi, anagwera pamiyendo panga, ndipo analira kulira kumene sindinamvepo chifikireni m'dziko lino. Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji.

Atatonthola anati, "Anthu kuno ndi abwino. Anandibweretsera makadi ndi keke. Koma ndikanalira chonchi akanaitana ambulansi."

Tinaseka misozi ili m'maso. Kenako anandiyang'anitsitsa.

"Ndinakukwiyirani, achemwali. Kawiri konse osayankha?"

"Foniyo ndinaiona. Ndilibe chonena. Ndikhululukire."

Anapukuta nkhope ndi ngodya ya chitenje changa, n'kunena kuti, "Mayi sindinawapempherere ndi munthu. Yambani inuyo."

Ndinaopa kuti ndingokhala duu monga masiku onse. Koma mawu anabwera, osakonza, ndipo ndinadziwa kuti akumveka kumwamba. Lamlungu pondiperekeza kusiteshoni, mphepo ya kunyanja ikutikankha, ndi pamene anandiuza kuti wandikhululukira.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananditaye m'manyazi anga, amene anagwiritsa ntchito pakamwa pa Ba Tembo, ndiponso anasunga Esinati m'miyezi imene ine ndinamusiya. Miyezi imeneyo sindingaibweze, ndipo imandiwawabe. Koma m'bale wanga, ngati pali munthu amene unamusiya akulira yekha, usanene kuti nthawi yapita. Mwina mpaka lero sanalire, akudikira woti akhale naye pansi. Nyamuka. Ambuye akupatsa mphamvu ya ulendowo.