Dzina la mudzi wa a Zuze pa kompyuta yanga

Zaka zimenezo, makompyuta atangofika kumene pa boda pano, ife tinkagwira ntchito pa galasi lakuda bii, lopanda tizithunzi todina ngati tanuti, ndipo kuti ufike pa foda ya mapepala a lole imodzi unkalemba njira yonse ndi zala, dalaivala wa ku Tete atakuimirira kumsana. Ukaphonya chilembo chimodzi unkayambiranso. Ana inu mukuseka, koma ife thukuta linkatuluka.

Ndiye ine ndi a Zuze, mnzanga wa mu ofesimo amene anafika kuno pothawa nkhondo, tinalemba kapulogalamu mukufuna kukonzaka. Ukafika pa foda umaipatsa dzina lalifupi, ndipo mawa ukangolemba dzinalo, basi wafika. A Zuze anakakamira kuti kakhale kafayilo kamodzi kosadalira china chilichonse, kazigwira pa makina alionse, a kuno kaya a kutsidya kwa boda ku Zobue. Ankati, "Achimwene, ine ndinaona anthu akusiya katundu panjira chifukwa cholemera."

Koma tinakangana pa chinthu chimodzi, chomwe mwabwera nachochi. Ine ndinkafuna kuti foda ikafufutidwa, dzina lakenso lizichoka lokha, paja ndimadana ndi zinyalala. Iwo anakana kwamtuwagalu. Tinakhala osalankhulana, tebulo lili limodzi, mpaka tsiku lina anandiuza maso ali kumbali, "Mudzi wathu unapsa wonse, pano ndi tchire. Ndiye mukuti ndisiye kuutchula?" Pamenepo tinapangana kuti kapulogalamuko kazingoyankha kuti malowo kulibenso, dzina n'kulisiya.

A Zuze tinawaika m'manda kwa Nthache, ndipo makina awo anaphwasulidwa kalekale, koma mayina amene anapatsa mafoda awo ndakhala ndikusamuka nawo pa kompyuta iliyonse imene ndagwirapo. Pakati pa mayina a malole pali la mudzi wawo uja, limene anapatsa foda ya zithunzi za ana awo. Zithunzizo zinapita ndi makina. Dzinalo ndimalilembabe ndikawasowa, kapulogalamuko n'kundiyankha kuti malowo kulibenso, ndipo zimandipweteka, sindikubisirani.

Tsono zanu zoyeretsazi, zochotsa mayina opanda foda, tsiku loyamba kuziika zidzalisesa dzinali ine ndisanakhale n'komwe pampando. Sindikukuletsani, ana inu, mitu yanu ndi yakuthwa kuposa yathu. Konzani, koma kaphunzitseni kufunsa kaye mwini wake kasanachotse dzina lililonse. Kakadzandifunsa ine, ndidzati ayi.