Suti Yotuwa ya Bambo Zuze

Malemu amene agona apawa, bambo Langton Zuze, anabadwa pa 14 Malichi 1951 m'mudzi uno, m'dera la mfumu yaikulu Nthache. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Ine amene ndikuwerenga ndine Aubrey, mwana wawo woyamba. Mafumu, abusa ndi anamalira nonse, mundikhululukire. Pepalali amayenera kuwerenga ndi amalume, koma ndawapempha kuti andisiyire, chifukwa muli mawu ena ofunika kutuluka pakamwa panga.

Sukulu anayamba mu 1959 n'kulekezera Sitandade 5. Mu 1968 anapita ku boma, kumene a Abdu, eni sitolo ya nsalu, anawapatsa malo pakhonde kuti aphunzire utelala. Chaka choyamba chonse ankangoika mabatani ndi kusita ndi simbi ya makala. Ankanena okha kuti anawotcha malaya atatu asanaloledwe kugwira sizasi.

Mu 1974 anakwatira mayi athu a Esinati. Mu 1976 anapeza makina awoawo opalasa, n'kukhazikika pakhonde paja pa Thambani pamene ambiri munawadziwira. Nsalu ankaidziwa ndi zala: khaki, terelini, kirimpulini, bafuta, biriwita. Munthu akabwera ndi nayiloni n'kumalimbikira kuti ndi thonje, ankangoitsina pang'ono n'kuyamba kuseka. Anasoka mayunifolomu a sukulu, madiresi a ukwati, mabulawuzi oyera a amayi a Mvano ndi masafari a aphunzitsi. M'kati mwa chovala chilichonse chachikulu ankaikamo kalebulo, kansalu koyera kolembedwa ndi ulusi wofiira kuti "L. Zuze, Thambani".

Mu 2006 kunabwera mtsikana wina wa ku Japan amene ankaphunzitsa kuno. Anabweretsa chitenje kuti amusokere chovala cha kwawo chomanga ndi lamba m'chiuno, chimene amati yukata. Bambo anatha tsiku lonse akutembenuza china chimene mtsikanayo anabwera nacho ngati chitsanzo, kenako anasoka osalakwitsa paliponse. Mtsikanayo anapita nacho kwawo, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wokhala pakhondepo ankauzidwa kuti dzina la Zuze linafika ku Japan.

Koma nthawi imeneyo ntchito inali itayamba kale kuchepa chifukwa cha kaunjika. Anthu anasiya kusoketsa, ankangobwera ndi zopinditsa ndi zoika zigamba. Amene anatsegula benchi ya kaunjika moyang'anana ndi khonde lawo, mu 2004, ndi ineyo. Sanandiletse. Anangoti, "Gulitsa mwana wanga, ana adye. Koma ine zovala za anthu osawadziwa ayi."

Mu 2009 anawoloka malire kupita ku Zobue n'kubwera ndi nsalu yotuwa. Munthu amene ankayenda ndi nsapato za matayala ndi malaya a zigamba anadzisokera suti, yoyamba ndi yomaliza pa moyo wawo. Inawatengera mwezi wathunthu. Ataimaliza anatiitana tonse n'kutiuza kuti imeneyo ndi yopita nayo kumanda, pasakhale woikhudza. Anaipinda n'kuiika m'thiranki pamodzi ndi mankhwala a njenjete.

Apa ndi pamene mbiriyi ikundilemera. Mu Ogasiti 2015 ndinkadalitsa ukwati wanga ku boma. Ndinatenga suti ija iwo ali kudimba, osapempha. Bambo anali aataliatali, ine mukundiona nokha, ndiye ndinapita nayo kwa telala wina amene anadula miyendo ndi manja. Zikanathera pomwepo bwenzi ndikuti ndi chibwana. Koma ndinamuuzanso telalayo kuti achotse kalebulo ka bambo, aikemo kena kamene ndinachotsa m'jekete ya m'belo la kaunjika, kolembedwa kuti Italy. Ndinkachita manyazi kuti anzanga a kumalire adziwa kuti ndavala zosoka pakhonde.

Tsiku la ukwati anaizindikira ndili patali. Anabwera kudzandikonzera kolala, monga ankachitira ndi aliyense, ndipo anatembenuza n'kuona. Munali kalebulo ka Italy kaja. Kenako anati, "Amene wadulayu wasiya dzanja lakumanzere lalitali." Kwa zaka zambiri za sutiyo sananenenso, ngakhale kwa mayi.

Mu 2018 ng'ala inawagwira maso onse awiri, ulusi osalowanso pasingano. Makina anawaphimba ndi chitenje. Kudzisokera ina kunali kosatheka, ndipo ine ndinkadziwa. Komabe mu 2019, suti itayamba kundithina, ndinaipachika pakati pa majekete a m'belo tsiku la msika, ndipo inapita ngati yochokera kunja. Anagula ndi bambo wina wa panjinga. Nkhope yawo sindikuikumbuka.

Mu Disembala chaka chathachi miyendo inayamba kutupa. Pa 28 Januwale anagonekedwa kuchipatala ku boma, kumene anatiuza kuti vuto ndi mtima. Lamulungu lapitali, mayi atatuluka kukachapa, anandifunsa kuti, "Suti ija ukadali nayo?" Ndinayankha kuti eya bambo, ilipo. Anati, "Basi, ukaibweretse. Kufupikako palibe kanthu, m'bokosi anthu saona miyendo." Ndinavomera. Anatisiya Lachiwiri m'mawa, pa 11 Febuluwale 2025, ali ndi zaka 73, akukhulupirira mawu anga.

Mwakhala pano masiku atatu pamvula, ndipo munauzidwa kuti tikudikira mlongo wanga Thandie wa ku Lilongwe. Thandie anafika Lachiwiri lomwelo. Mumadikira ine. Ndinayenda Thambani yense, ku boma, kumalire, mpaka ku Zobue, kufunsa anthu za suti yotuwa ngati wamisala. Sindinaipeze. Dzulo ndinabwera ndi jekete yabwino kwambiri imene inali pabenchi panga. Mayi anaigwira ndi zala ziwiri n'kukaiika panja pa chitseko. Anati amuna awo anaveka dera lonseli, sangapite atavala za munthu wosamudziwa.

Amene atipulumutsa ndi a Stafford, aphunzitsi opuma aja akhala kutsogoloku. Atamva, anapita kwawo n'kubwera ndi safari ya khaki imene bambo anawasokera mu 1983. Msinkhu wawo ndi wa bambo ndi umodzi. Palibe msoko ndi umodzi womwe umene unamasuka, ndipo kalebulo kakadali m'kati. Ndi imene bambo avala. Apita ndi ntchito ya manja awo, koma yochokera kwa mnzawo, pamene anali ndi mwana wamwamuna wamkulu. Ndili ndi manyazi, ndipo sindikufuna kuti wina andichotsere.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Esinati, ana anayi, ine Aubrey, Thandie, Melvin ndi Sankhani, zidzukulu khumi ndi chimodzi, komanso mlongo wawo mmodzi. Tikuthokoza mafumu, mpingo, anamwino amene anawasamalira, adzukulu amene akumba m'dothi lonyowa, ndi amayi amene mwaphika masiku atatu m'malo mwa awiri. A Stafford, kuthokoza kwathu n'kochepa. Mayi, ndakupepesani m'nyumba, ndikupepesanso pano pagulu.

Ndili ndi pempho limodzi, mukalifikitse m'midzi mwanu ndi m'mipingo mwanu. Kwinakwake m'boma lino kuli bambo amene ali ndi suti yotuwa ya mabatani atatu, dzanja lakumanzere lalitali pang'ono. Asaibweze, bokosi tikutseka lero. Angotenga lezala achotse kansalu kabodza kali m'katimo. Munthu akadzawafunsa kuti sutiyo inachokera kuti, adzanene kuti anasoka ndi a Zuze a ku Thambani.

Pitani bwino bambo. Mzimu wanu uwuse mumtendere.